Khoma lili pululu: tipachikepo chiyani?

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Pabalaza panga pali khoma lalitali kumbuyo kwa sofa ndipo lili pululu. Ndili ndi tizithunzi titatu ta A4 ta m'mafelemu, koma ndikatiika pakhomapo sitikuoneka n'komwe. Kodi ndigule chithunzi chimodzi chachikulu, ndiwonjezere ting'onoting'ono tambiri, kapena ndipange ndekha? Sofa ndi yotuwa, yotalika mamita awiri ndi pang'ono, khoma ndi loyera.

Bambo Phiri: Zikomo mayi. Ine ntchito yanga ndi ya matabwa ndipo mafelemu ndimakhoma kawirikawiri, ndiye ndiyambire pa tepi yoyezera. Chopachika pamwamba pa sofa chimakhala bwino chikatenga magawo awiri mwa atatu a kutalika kwa sofayo. Ngati yanu ili masentimita 210, mukufunika chinthu cha masentimita 140 m'lifupi, kaya chithunzi chimodzi kaya zingapo zoyandikana zoti diso liziona ngati chinthu chimodzi. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi, ndiye tizithunzi tanu titatuto, ngakhale mutatindandalika ndi mafelemu ake, sitikwana mita imodzi. N'chifukwa chake khoma likutimeza.

Chachiwiri ndi msinkhu. Anthu ambiri amapachika m'mwamba kwambiri, kufupi ndi siling'i, mpaka woona achite kukweza khosi. Kunyumba zoonetserako zojambula amapachika moti pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, molingana ndi maso a munthu woimirira. Pamwamba pa sofa siyani mpata wa masentimita 15 mpaka 25 kuchokera potsamira kufika m'munsi mwa felemu. Mukatero chithunzi ndi mpando zimayenderana, komanso mutu wa wokhalapo sugunda felemu.

Mayi a Tadala: Bambo Phiri, 145 yo tikuyeza pomwe tikhome msomali?

Bambo Phiri: Ayi mayi, ndi pakati pa chithunzi. Tinene kuti felemu ndi yotalika masentimita 60. Theka lake ndi 30, ndiye pamwamba pa felemu padzafika 175. Kenako kokani waya wa kumbuyo uja ndi chala kuti ukungike monga adzakhalire pamsomali, muyeze kuchokera pawaya kufika pamwamba pa felemu. Mukapeza 8, chotsani 8 pa 175. Msomali ukhomedwe pa 167.

Bambo Nkhoma: Kwa ine nkhaniyi ndi yosavuta. Sofa ndi yotuwa, ndiye pezani chithunzi chokhala ndi mtundu wotuwa ndi woyera, mwina ndi kakuda pang'ono, chifanane ndi makatani ndi kapeti. Nyumba imaoneka yaudongo zinthu zikamafanana. Mitundu ikachuluka maso amatopa.

Nachisale: Bambo Nkhoma, pamenepa ndiye tisiyana, mundikhululukire. Ndimaphunzitsa ana kujambula ndiponso ndimajambula ndekha, ndipo zimandiwawa ndikaona chithunzi chikusankhidwa chifukwa cha makatani. Makatani amasuluka n'kusinthidwa, sofa imang'ambika n'kukutidwa nsalu ina, koma chithunzi chabwino munthu amasamuka nacho nyumba ndi nyumba mpaka kudzasiyira ana. Chithunzi chogulidwa kuti chingofanana ndi mpando, pakangopita kanthawi eni ake amaleka kuchiona. Amachidutsa m'mawa, amachidutsa madzulo, diso osaimapo.

Achemwali Nabanda, funso loyamba kudzifunsa ndi ili: ndi chiyani chimene mungachiyang'ane tsiku ndi tsiku osatopa nacho? Ena ndi madzi ndi mapiri, ena nkhope za makolo, ena mitundu yokhayokha yopanda chifaniziro cha chinthu. Ngati chithunzi mwachiona lero, mawa chikukubwererani m'mutu, mkuja mukuchiganizirabe, chimenecho ndi chanu. Ngati mwachiiwala musanafike kunyumba, chisiyeni ngakhale chikufanana ndi kapeti.

Ndiponso sofa yotuwa ndi khoma loyera ndi mwayi waukulu, chifukwa mitundu iwiriyi silimbana ndi mtundu wina uliwonse. Kuwonjezerapo chotuwa china ndi kuzizilitsa chipinda chomwe chikufuna kutenthetsedwa.

Bambo Nkhoma: Ndamva mayi, koma musaiwale kuti pabalaza ndi popumulira. Ndaonapo nyumba zomwe khoma lili ndi chofiira, makatani obiriwira, mapilo achikasu, chilichonse chikukuwa pachokha. Munthu ukalowa mtima sukhazikika. Kugwirizana kwa mitundu kuli ndi ntchito yake.

Nachisale: Pamenepo mwanena zoona ndipo sindikukana. Chomwe ndikunena ndi choti tiyambire kuti. Yambani ndi chithunzi, kenako mutengemo mtundu umodzi, makamaka womwe uli wochepa m'chithunzimo, muubwereze pa mapilo awiri kapena pa mphika wa maluwa. Pilo ndi yosavuta kusintha. Chipinda chimagwirizana bwinobwino, koma chithunzi ndicho chatsogolera.

Za mitundu yokuwa zija, pali chifukwa chake. Mitundu ina ndi yoyang'anizana: wabuluu ndi waolenji, wofiira ndi wobiriwira, wachikasu ndi wapepo. Ikakhala pamodzi, uliwonse umawalitsa unzake. Ikakhala yofanana kuchuluka imalimbana, koma umodzi ukachuluka winawo n'kungokhala kadontho, chithunzi chimakhala ndi moyo. Yesani chithunzi chabuluu chokhala ndi kaolenji pang'ono pamwamba pa sofa yotuwa, muone.

Bambo Nkhoma: Kuyambira pa chithunzi n'kutsatiza mapilo, pamenepo ndavomera. Koma ine ndikhalabe ndi zotuwa zanga, zimandipatsa mtendere.

Nachisale: Ngati ndi zomwe mumazikonda mukaziyang'ana, ndiye mwasankha bwino bambo.

Nangondo: Nanga ife osadziwa kujambula titani? Ndikufuna chopanga ndekha, koma dzanja langa silinazolowere pensulo.

Nachisale: Asisi, tengani sizasi. Henri Matisse, katswiri wojambula wa ku France, atachitidwa opaleshoni yaikulu mu 1941 sankathanso kuima nthawi yaitali kuti ajambule ndi bulashi. Omuthandiza ankapaka mapepala penti, pepala lililonse mtundu umodzi, iye n'kumadula ndi sizasi zooneka ngati masamba, ndere za m'nyanja, mbalame ndi anthu osambira. Zidutswazo omuthandizawo ankazibaya ndi mapini pakhoma la chipinda chake, n'kumazisuntha mpaka zitakhala pomwe mtima wake wafuna. Chimodzi mwa zotchuka, The Snail cha mu 1953, chili ku Tate Modern, nyumba yoonetserako zojambula ku London. Ndi chachikulu pafupifupi mamita atatu mbali zonse, koma mukachiyang'ana ndi zidutswa za mapepala amitundu zoikidwa mozungulira basi.

Inunso mungathe. Pezani mapepala okhuthala, muwapake penti ya acrylic, penti ya ojambula yosungunula ndi madzi. Musagule mapepala opaka kale mtundu aja ana amagwiritsa ntchito kusukulu, amasuluka msanga. Sankhani mitundu itatu kapena inayi yokha. Akauma dulani molimba mtima, zidutswa zikuluzikulu, osayamba mwalemba ndi pensulo. Yalani pepala loyera lalikulu pansi, muziyala zidutswazo popanda guluu, muimirire patali, musunthe, mujambule ndi foni, musunthenso. Foni imathandiza chifukwa chithunzi chikachepa pa sikirini mumaona msanga mbali yomwe yalemera. Siyani malo ena opanda kanthu, osadzaza ponseponse. Mukakhutira m'pamene mumamata, guluu wochepa, n'kutsindikiza ndi mabuku mpaka ziume kuti pepala lisachite makwinya.

Dziwaninso kuti acrylic amauma m'mphindi zochepa ndipo akauma amaderako pang'ono kusiyana ndi mmene amaonekera ali wamadzi. Yesani kaye pa kachidutswa. Mabulashi tsukani nthawi yomweyo, akaumira penti ndiye atha ntchito.

Nangondo: Zikomo kwambiri asisi. Nanga penti yotsala yopaka nyumba ingagwire?

Nachisale: Yosungunula ndi madzi ija imagwira bwino papepala lokhuthala ndi pathabwa. Yamafuta musaipake papepala kapena pansalu yosakonza, mafuta amalowerera n'kuchita chibanga kuzungulira penti, ndipo pakapita nthawi amafooketsa ulusi wa nsaluyo. Ndi chifukwa chake ojambula ndi penti yamafuta amayamba apaka gesso, penti yoyera yotchinjiriza, pansalu. Penti yamafuta ya ojambula imatenganso masiku kuti iume pamwamba, ndipo vanishi amadikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Woyamba kumene ayambe ndi acrylic.

Achimwene Mwale: Ndiwonjezereko njira ina kwa amene akufuna zojambula za akatswiri akale. Nyumba zikuluzikulu zosungira zojambula zinatsegula zithunzi zawo pa intaneti kuti aliyense atenge mwaulere. Metropolitan Museum of Art ya ku New York inachita zimenezi mu 2017, ndipo Rijksmuseum ya ku Amsterdam nayonso imalola kutenga zithunzi zooneka bwino kwambiri. Muli maluwa, mbalame, mamapu akale, nyanja, ngakhale funde lotchuka lija la Hokusai wa ku Japan. Mumatsitsa, n'kukasindikizitsa pa saizi yomwe mukufuna.

Chofunika kusamala ndi kukula kwa fayilo. Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi kuti chithunzi chituluke chakuthwa. Pa A4 ndiye mapikiselo 2480 kwa 3508, pa A3 ndi 3508 kwa 4961. Chachikulu choonera patali, 150 pa inchi imakwanira. Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp kapena Facebook chimakhala chitafinyidwa kale, mukachikulitsa nkhope zimasanduka timabokosi. Potumiza kwa osindikiza tumizani ngati document kapena pa flash. Afunseninso ngati inki yawo ndi ya pigment, chifukwa imapirira kuwala kuposa ya dye. Pepala losanyezimira ndi labwino ngati mudzaikapo galasi.

Mayi a Tadala: Achimwene, ndiye kuti chilichonse chomwe ndachiona pa Pinterest ndingasindikize?

Achimwene Mwale: Ayi mayi. Zomwe ndatchulazo ndi za ojambula omwe anamwalira kalekale. M'mayiko ambiri umwini wa chojambula umakhalapobe zaka 50 kapena 70 mwini wake atamwalira. Cha munthu wamoyo chimafuna chilolezo chake, ndipo ambiri amagulitsa fayilo kapena kope losindikiza kale.

Nachisale: Apa ndilankhuleko ndi mtima wonse. Wojambula amathera masiku pa chithunzi chimodzi, wagula penti, wagula nsalu, wina n'kungochijambula ndi foni n'kukasindikiza. Ena amatenga chithunzi cha wojambula wina n'kupita nacho kwa mnzake kuti "ndikopereni ichi". Zimenezi zimapha luso. Ngati mwakonda dzanja la munthu, mufikeni. Mufunseni ngati ali ndi chaching'ono, kapena chojambula papepala, kapena kope. Muuzeni kukula kwa khoma lanu ndi zomwe mumakonda, kenako mumusiye achite mwa njira yake. Ine zojambula zakale za ku Amsterdam ndimazikonda, koma chithunzi chomwe bulashi yadutsapo chili ndi chinthu china chomwe makina satulutsa. Kuwala kwa m'mawa kukagunda penti yokhuthala kumaonetsa mizere ya bulashi, madzulo chimaoneka mwina. Chosindikiza chimakhala chimodzimodzi tsiku lonse.

Achimwene Mwale: Zoona achemwali, koma si onse angayambire pamenepo. Chosindikiza chabwino chimaphunzitsa diso, tsiku lina munthu adzadziwa chomwe akufuna kwa wojambula wamoyo.

Gogo Nambewe: Ana anga, mwalankhula za mapepala ndi penti, koma musaiwale nsalu ndi ulusi. Khoma lalikulu ngati la mwana wanga Nabanda, nsalu imalikwanira mosavuta. Mmisiri akukhomereni felemu ya timatabwa topepuka ya saizi yomwe a Phiri anena ija. Nsalu muichape, muisite, muiyale pansi chadodolido, felemu pamwamba. Pokhoma yambani pakati pa mbali imodzi, kenako pakati pa mbali yoyang'anizana nayo mukukoka pang'ono, kenako mbali ziwiri zotsalazo. Muzipita cha kumakona pang'onopang'ono, uku kamodzi uko kamodzi. Makona ndi omalizira, mumawapinda bwinobwino kumbuyo. Mukayambira pakona n'kumazungulira, maluwa a nsalu amapotoka ndipo simungawawongolenso.

Sankhani nsalu ya maluwa akuluakulu. Timaluwa ting'onoting'ono patali timangosokonezeka. Ndipo musanadule yendetsani felemu pansalupo muone chigawo chomwe chikukoma, duwa lalikulu lisakhale pakatikati penipeni, lipendekere mbali imodzi.

Ubwino wina wa nsalu ndi woti imameza phokoso. Chipinda cha matailosi ndi makoma opanda kanthu mawu amachita kubwerera, koma mukapachika nsalu kapena choluka amafewa.

Nangondo: Agogo, zoluka ndi zingwe zolendewera pakamtengo zija mumazidziwa? Ndimazisirira.

Gogo Nambewe: Macramé, mwana wanga. Zinatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndipo zabwereranso. Sizifuna singano, ndi mfundo zokhazokha. Pezani chingwe cha thonje chokhuthala mamilimita 3 mpaka 5 ndi kamtengo kosalala kouma bwino. Mfundo zoyambira ndi ziwiri: yokolekera chingwe pakamtengo, ndi ina yomanga ndi zingwe zinayi, ziwiri zapakati zili chilili, ziwiri zam'mbali zikusinthana, kumanzere kenako kumanja. Mukamanga mbali imodzi yokhayokha osasinthana, choluka chimayamba kupota chokha, ndipo nachonso chimakongola.

Pomwe ambiri amakhumudwa ndi pa kudula chingwe. Mfundo zimadya chingwe kwambiri. Chingwe chilichonse chikhale chotalika kanayi kuposa choluka chomwe mukufuna, ndipo poti mumachipinda pakati pokoleka, dulani kasanu ndi katatu. Choluka cha theka la mita chimafuna zingwe za mamita anayi chilichonse. Chikatsala mumadula, koma chikapelewera pakati pa ntchito kulumikiza kumaoneka.

Musachipachike kukhitchini. Thonje limakoka utsi ndi mafuta, ndipo kuchapa choluka n'kovuta.

Nabanda: Ndathokoza nonse, mwanditsegula maso. Ndaganiza zopanga zodula ndi sizasi ziwiri zazikulu zoyandikana, tizithunzi titatu tija ndikatiika m'kanjira kopita kuzipinda komwe khoma ndi laling'ono. Koma khoma la sofali limawombedwa ndi dzuwa masana. Pali vuto?

Nachisale: Lilipo achemwali, ndipo ndi lalikulu. Kuwala kumadya mitundu, ndipo zomwe kwadya sizibwerera. Vincent van Gogh atajambula chipinda chake chogona ku Arles mu 1888 analembera mng'ono wake Theo kuti makoma ake ndi apepo. Lero mukachiona ku Van Gogh Museum ku Amsterdam makomawo ndi abuluu, chifukwa penti yofiira yomwe anasakaniza inasuluka n'kutsala yabuluu yokha. Ngati zinachitikira chithunzi chosamalidwa chotero, nanga cha pabalaza pathu?

Zosachedwa kusuluka ndi zojambula ndi penti yamadzi yopyapyala, zolemba ndi zolembera za inki yamitundu, nsalu, masamba owumitsa ndi zithunzi za kamera. Osunga zakale amaonetsa zinthu zotere m'kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), pomwe dzuwa la masana panja limafika masauzande makumimakumi. Acrylic wabwino ndi penti yamafuta zimapirirako. Pogula penti onani pachubu, opanga ambiri amalemba mmene mtunduwo umapiririra kuwala. Ikaninso katani yopyapyala pawindo nthawi yomwe dzuwa likulowa. Zithunzi za makolo zomwe zilipo chimodzi chokha musazipachike padzuwa. Zijambulitseni kope, kopeyo ipite pakhoma, chenichenicho chisungidwe mumdima pouma.

Bambo Phiri: Ndiwonjezere za felemu, poti pepala limawonongekanso ndi mmene latsekeredwa. Pepala kapena chithunzi chisagunde galasi. Kukazizira m'kati mwa galasi mumachita thukuta, chithunzi chimamatirira, pochotsa nkhope n'kutsalira pagalasi. Katoni yoboola pakati yomwe timaika kuzungulira chithunzi ija ntchito yake ndi imeneyo, kupereka mpata. Imathandizanso kukuza chithunzi. Ka A4 mukakaika m'felemu ya A3 ndi katoni yoyera yotambalala kamaoneka kolemekezeka.

Kumbuyo musaike katoni ya bokosi wamba kukhudzana ndi pepala, ili ndi asidi yemwe amasandutsa pepala kukhala lachikasu. Selotepi ndiye woipitsitsa, amasiya chibanga chabulauni chosachoka. Funsani katoni ndi tepi zopanda asidi, ndipo chithunzi chimatidwe pamwamba pokha malo awiri kuti chizilendewera. Pepala limafufuma ndi kunyala malinga ndi nyengo, mukalimata mbali zonse limachita mafunde.

Mayi a Tadala: Kwathu vuto ndi chinyezi. Kumbuyo kwa mafelemu kumachita nguwi nyengo ya mvula.

Bambo Phiri: Felemu ikamatirira kukhoma mpweya sudutsa. Matani tizidutswa ta labala kapena ta chotsekera botolo m'makona awiri apansi kumbuyo, felemu italikire khoma pang'ono. Sankhani makoma am'kati mwa nyumba, osati omwe kunja kwake kumawombedwa ndi mvula, kapena omwe kuseri kwake kuli bafa. Khoma lomwe langopakidwa pulasitala lidikireni liume kaye. Nthawi ndi nthawi tsitsani mafelemu mupukute kumbuyo. Ngati khoma lenilenilo likutulutsa madzi, penti ikutukusira, konzani khoma kaye, chithunzi chidikire.

Gogo Nambewe: Zoluka ndi nsungwi kapena udzu, monga madengu osalala aja anthu akupachika m'magulu masiku ano, nazonso zimaopa chinyezi ndi anankafumbwe. Mukaona kafumbi konga ufa pansi pake, dziwani kuti m'kati muli tizilombo. Dengulo limangeni m'pepala lapulasitiki, muliike mufiriza yozizira kwambiri sabata imodzi kapena iwiri, kenako lisungunuke lili chimangire.

Bambo Nkhoma: A Phiri, za kupachika zithunzi zambiri pamodzi zija bwanji? Akazi anga akufuna khoma lonse la pamasitepe lidzaze zithunzi za banja, ine ndikuopa kuti khoma lidzangokhala mabowo.

Bambo Phiri: Mabowo amachuluka munthu akayamba ndi hamala. Yambani pansi. Yalani mafelemu onse pansi musinthesinthe mpaka akhale bwino, chachikulu chiyambe, zinazo zizungulire. Mpata pakati pa mafelemu ukhale wofanana, masentimita 5 mpaka 8. Kenako dulani nyuzipepala molingana ndi felemu iliyonse, mulembepo pomwe msomali udzakhale, muzimate pakhoma ndi tepi ya mapepala. Zikhale choncho muzidutsapo, muone ngati zikukukomerani. Mukakhutira khomani msomali pa nyuzipepala pomwepo, n'kung'amba pepalalo. Pamasitepe, pakati pa gulu lonse pazikwera motsatira masitepewo.

Nachisale: Kudzaza khoma choncho ndi kwakale ndithu. Pa chionetsero cha Salon ku Paris m'zaka za m'ma 1700 ankapachika zojambula kuyambira m'munsi mpaka kudenga, ndipo ojambula ankadandaula chawo chikaikidwa pamwamba poti anthu sachiona bwino. Phunziro lake kwa ife ndi loti zomwe zili ndi nkhope zing'onozing'ono zikhale pa msinkhu wa maso, zikuluzikulu zikwere. Kuti zisaoneke zobalalika payenera kukhala chinthu chimodzi chozimanga pamodzi: mafelemu onse akuda, kapena zithunzi zonse zakuda ndi zoyera, kapena katoni yoyera mwa zonse. Bambo Nkhoma, apa ndiye kufanana kwanu kuja kukugwira ntchito.

Bambo Nkhoma: Zakuda ndi zoyera ndiye tigwirizana ndi akunyumba mosavuta. Zikomo.

Nangondo: Ife a lendi eni nyumba salola kukhoma misomali. Zomata zopachikira mafelemu popanda misomali zija ndi zodalirika?

Achimwene Mwale: Zimagwira ngati mwatsatira malangizo. Onani kulemera komwe kwalembedwa papaketi, ndipo muyeze felemu yanu pasikelo, osangoganizira. Pukutani khoma ndi sipiriti, liume, matani, tsindikizani, dikirani ola limodzi musanapachike. Pakhoma lokhakhala, lachinyezi kapena la penti yosuwa sizigwira, ndipo ngati mwangopenta kumene dikirani sabata. Pochotsa kokani kalilime kake molunjika pansi pang'onopang'ono. Mukakokera kwa inu penti imabwera nayo.

Njira ina ndi kungotsamiritsa. Chithunzi chachikulu chikhoza kukhala pa kabati kapena pa shelefu chitatsamira khoma, kachiwiri kakang'ono kutsogolo kwake. Posamuka mumangonyamula.

Bambo Phiri: Kwa omwe nyumba ndi yawo, khoma la njerwa kapena konkireti msomali wamba umapindika kapena kugumula pulasitala. Chopepuka, msomali wa konkireti ukwanira, muukhome mopendekera pansi pang'ono. Cholemera, monga kalilole kapena felemu yaikulu yagalasi, boolani ndi dirilo, ikani pulagi yapulasitiki, kenako sikuruwu. Bowo lidutse pulasitala lilowe m'njerwa, chifukwa pulasitala yokha siinyamula katundu. Khoma la mabodi, funani pomwe pali mtanda m'kati kapena gulani mapulagi ake.

Koma chonde, musanaboole yang'anani pomwe pali soketi ndi switchi. Mawaya a magetsi m'khoma nthawi zambiri amayenda molunjika m'mwamba, pansi kapena cham'mbali kuchokera pamenepo. Musaboole pamzere umenewo. Khoma lomwe kuseri kwake kuli bafa kapena sinki, kumbukirani mapaipi.

Mayi a Tadala: Funso lina bambo. Tadala amajambula kwambiri ndipo ndikufuna kupachika zojambula zake kuchipinda kwake, pamwamba pa bedi. Ndiike m'mafelemu agalasi?

Nachisale: Mayi a Tadala, mwachita bwino kwambiri. Mwana akaona chojambula chake pakhoma amadziwa kuti ntchito ya manja ake ndi yowerengedwa. Musankhe naye limodzi, ndipo lembani tsiku ndi zaka zake kumbuyo ndi pensulo. Zina zitsike kufika pa msinkhu wa maso ake, osati anu.

Bambo Phiri: Pamwamba pa bedi la mwana galasi ayi, ngakhale zomata zija ayi. Ana amadumpha pabedi, chitseko chikamenyetsedwa khoma limanjenjemera. Ngati mukufuna felemu, ikhale yopepuka, ndipo m'malo mwa galasi muike pulasitiki yoonekera ija ya perspex. Ndi yopepuka pafupifupi theka la galasi ndipo siphwanyika kukhala zobaya. Poipukuta gwiritsani nsalu yofewa yonyowa pang'ono chifukwa imakalika msanga. Zojambula ndi makala kapena choko musaziike kuseri kwa perspex, imakoka fumbi lake n'kuchita mbuu.

Poti mwana amajambula zatsopano sabata iliyonse, ine ndikadakhoma kathabwa kopyapyala m'litali mwa khoma loyang'anizana ndi bedi, ndi masikuruwu awiri, n'kumatapo mapegi oyanikira zovala motalikirana masentimita 25. Azisintha yekha.

Mayi a Tadala: Mapegi amatabwa kapena apulasitiki?

Bambo Phiri: Amatabwa, guluu wa matabwa amawagwira bwino pathabwapo. Waya wake uja amachita dzimbiri kukakhala chinyezi, ndiye pepala lizipanidwa kunsonga kokha, lisafike pawayapo.